Dziko la Njewa ndi Minda Yake

1. Kumene dzikoli liri

Ana inu, munthu akatuluka m'mzinda wa Lilongwe m'mawa, natsata msewu wa ku Mchinji, dzuwa liri kumbuyo kwake, sayenda nthawi yaitali asanafike kwa Njewa. Njewa ndilo dzina la mfumu yaikulu, ndiponso ndilo dzina la dziko limene mfumuyo iweruza. Ufumu umenewu ndi wakale koposa mzinda umene uli pambali pake. Lero tiphunzira za dziko limeneli, ndi za boma lonse la Lilongwe limene Njewa ali m'kati mwake: maonekedwe ake, madzi ake, anthu ake, ndi zimene iwo alima. Nkwabwino kudziwa maina a maiko akutali, koma mwana ayenera kuyamba wadziwa kwawo.

Boma la Lilongwe liri m'chigawo cha pakati cha Malawi. Kumpoto kwake kuli Dowa, kum'mawa kuli Salima, kumwera chakum'mawa kuli Dedza, kumadzulo kuli Mchinji, ndipo kumwera chakumadzulo lichita malire ndi dziko la Mozambique. Mafumu aakulu a m'bomali ndi ambiri. Ena mwa iwo ndi awa: Njewa, Malili, Kalolo, Chadza, Tsabango, Mazengera, Kabudula ndi Khongoni. Pansi pa mfumu yaikulu iri yonse pali magulupu, ndi pansi pa magulupu pali anyakwawa, ndiwo mafumu a midzi.

2. Chidikha ndi nthaka yake

Dziko la Lilongwe ndi chidikha chachikulu. Munthu akakwera pa chulu aona kutali, minda ndi midzi ndi mitengo ya mango, kufikira kumene thambo likomana ndi dziko. Mapiri alipo, koma ndi owerengeka, ndipo aima lina apa lina apo, monga Bunda, Ngala ndi Nkhoma. Mapiri otsatana ali ku Dzalanyama, pa malire a Mozambique.

Ngakhale chidikhachi chiri chathyathyathya, chiri pamwamba ndithu. Kutalika kwake kuchokera pa madzi a nyanja yaikulu ya mchere ndi mamita ngati 1,100, pamene Nyanja ya Malawi sifika ndi pa mamita 500 pomwe. Ndicho chifukwa chake munthu wopita ku Salima atsika zitunda, napeza kunja kulikutentha, koma wobwera kuchokera kunyanja amva kuzizira akafika kuno.

Nthaka ya kumtunda ndi katondo, dothi lofiira lija. Katondo ndi wakuya, asunga chinyezi, ndipo chimanga, mtedza ndi fodya zimkonda. M'madambo muli dothi lakuda, lomata pa mvula ndi long'aluka pa dzuwa. Chifukwa cha nthaka imeneyi chidikha cha Lilongwe chiwerengedwa pamodzi ndi malo achonde koposa m'Malawi, ndipo chakudya chake chidyetsa anthu a kutali amene sanapondepo kuno.

3. Mitsinje ndi madambo

Mtsinje waukulu wa m'bomali ndi Lilongwe, ndipo mzinda udatenga dzina lake kwa mtsinjewo. Gwero lake liri m'mapiri a Dzalanyama. Pafupi ndi mzinda ulandira madzi a Likuni, m'kati mwa mzinda ulandira a Lingadzi, nupitirira kum'mawa, nukomana ndi Linthipe, ndipo madzi onsewo akathira m'Nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Motero tsamba logwera m'madzi kwa Njewa likhoza kukafika kunyanja.

Ku Malingunde anthu adatseka mtsinje wa Lilongwe, namanga madamu awiri, loyamba m'chaka cha 1966, lachiwiri m'chaka cha 1989. Madzi amene anthu atunga pa mipopi ya ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23 achokera mumtsinje womwewo.

Kodi mtsinje upeza kuti madzi m'chilimwe, mvula itatha kalekale? Uwapeza m'nkhalango ndi m'madambo. Mvula ikagwa pa mitengo, madzi atsika pang'onopang'ono, nalowa pansi potsata mizu, nasungika kumeneko. Pambuyo pake atuluka pa akasupe miyezi yonse ya dzuwa. Koma mvula ikagwa pa phiri lopanda mitengo, madzi athamanga onse tsiku limodzi, nakokolola dothi, ndipo mwezi wa Okotobala mtsinje utsala mchenga wokha. Chifukwa cha ichi Boma lidapatula Dzalanyama m'chaka cha 1922 kuti ikhale nkhalango yosungidwa. Koma otentha makala adalowamo ambiri, kotero kuti m'chaka cha 2015 Boma lidatuma asilikali kukailonda.

4. Nyengo za chaka

Chaka cha mlimi chiyamba m'chilimwe. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okotobala dzuwa liwala kwambiri, akamvuluvulu ayenda m'minda, ndipo anthu asosa ndi kuunda mizere. Nthawi zina kugwa kamvula kozima malupsa, koma mlimi wanzeru sabzala ndi mvula imeneyo ai. Mvula yeniyeni idza kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, nigwa kufikira Malichi kapena Epulo. Nyengo imeneyi ndiyo dzinja. Litatha dzinja afika masika, nthawi ya zokolola, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kuli chisanu, pamene ana aothera moto m'mawa asanapite kusukulu.

Mvula ya chaka chabwinobwino ifika mamilimita 800 kapena 900. Kunena kwake nkuti, madzi onse a chaka akadaima pamodzi, osalowa pansi ndi osapita kumtsinje, akadafika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Madzi amenewa ndi okwanira chimanga. Choopsa ndi ichi, kuti mvula ikhoza kuchedwa, kapena kudula pakati chimanga chiri pa ngaiyaye. Dzinja liri limodzi lokha pa chaka. Likalakwika, banja lidikira miyezi 12 kuti liyesenso. Akulu a kuno akumbukira njala ya 2002, pamene nkhokwe zidatha msanga, anthu nagulitsa mbuzi ndi ziwiya zawo pa mtengo wochepa kuti apeze madeya.

5. Anthu ndi chiwerengero chawo

Eni dziko lino ndi Achewa. Pa mwambo wawo mwana atsata mtundu wa amake, ndipo munda upita kwa ana kudzera kuchikazi. Mwamuna akakwatira akakhala kwawo kwa mkazi, ndicho chikamwini. Akapempha kuti atenge mkazi kupita naye kwawo, ndicho chitengwa. Woyang'anira alongo ake ndi ana awo ndi malume, mwini mbumba. Mfumu ndiyo idagawa malo kwa mabanja, ndipo ndiyo iweruza milandu ya malire.

M'chaka cha 1902, dziko lino likutchedwa British Central Africa, boma lidamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, m'dera la mfumu Njewa, ndipo m'chaka cha 1904 lidakhala likulu la dera lonse. Poyamba padali nyumba zowerengeka ndi masitolo pang'ono. Koma popeza misewu ya kumpoto, ya kumwera, ya kunyanja ndi ya kumadzulo idakomana pamenepo, malowo adakula, nakhala msika wa alimi. M'chaka cha 1975 likulu la dziko lonse la Malawi lidachoka ku Zomba, nilidza ku Lilongwe.

Tsono taonani mawerengero awa. M'chaka cha 1966 anthu a m'tauni ya Lilongwe adali ngati 19,000. M'chaka cha 1977 adali ngati 99,000. M'chaka cha 1998 adafika 440,000. Pa kalembera wa 2018 adapezeka 989,318. M'zaka 52 zokha mzinda udachuluka koposa ka 50. Pa kalembera yemweyo anthu a m'midzi ya boma la Lilongwe, kunja kwa mzinda, adali 1,637,583, ndipo a m'Malawi monse adali 17,563,749. Mukaphatikiza a mumzinda ndi a m'midzi mupeza 2,626,901. Ndiko kuti mwa Amalawi 7 ali onse, mmodzi adali wa m'boma lino.

Anthu a mumzinda sali Achewa okha. Ku Kawale, ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Area 25 mukapeza Ayao, Atumbuka, Alomwe, Angoni, Asena, Atonga ndi ena, amene adadza kudzafuna ntchito ndi malonda. Onsewa afuna chakudya tsiku ndi tsiku, koma ambiri a iwo alibe munda.

6. Chimanga, mtedza ndi fodya

Mbewu yoyamba ya kwa Njewa ndi chimanga, pakuti ndicho nsima. Ntchito yake muidziwa: kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira, kupalira udzu usanakule, kuthira feteleza kapena manyowa, kubandira, kudula ndi kuimika mikukwe, kukolola ndi kututa. Alangizi a zaulimi aphunzitsa kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, ndi kuti pa phando pagwe mbewu imodzi. Akulu adati, "M'mera mpoyamba." Wochedwa kubzala ndi kupalira sakolola zofanana ndi mnzake, ngakhale minda yawo iri yoyandikana.

Chimanga chiri ndi adani ake. Kaufiti amera pa mizu yake, nayamwa chakudya chake, makamaka m'munda woguga. Kapuchi aboola phesi. M'dzinja la 2016 kulowa 2017 mudafika m'Malawi mbozi zachilendo zochokera ku America, zimene zidya masamba a kumtima kwa chimanga. Ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe kapena m'matumba, anankafumbwe ali pomwepo kuchidikira.

Mbewu yachiwiri ndi mtedza. Amayi asinja nsinjiro zotendera nkhwani ndi mfutso, ndipo wotsala agulitsa. Mtedza uli ndi ubwino wina wobisika. Mukazula tsinde lake, muona timatuza tating'ono pa mizu. M'timatuzamo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene titenga chakudya cha mbewu mumpweya, ndi kuchisiya m'nthaka. Nyemba, soya ndi nandolo zichita chimodzimodzi. Ndicho chifukwa chake chimanga chobzalidwa pamene padali mtedza chaka chatha chikula bwino. Koma mtedza ufuna kuumitsa bwino. Ukasungidwa wachinyezi uchita chuku, ndipo chuku chimenecho ndi poizoni wowononga chiwindi.

Mbewu yachitatu ndi fodya. Sadyedwa, koma ndiye wabweretsa ndalama zambiri m'dziko lino. M'chaka cha 1920 Mzungu wina dzina lake A. F. Barron adayamba munda wa fodya ku Mbabzi, m'boma lomwe lino, nagawira anthu a m'midzi mbewu kuti alime ndi kumgulitsa. Alimi adachuluka msanga, ndipo m'chaka cha 1926 Boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira ulimi ndi misika yake. Fodya wa masiku amenewo adali woumika ndi utsi. Kuyambira 1990 alimi a m'midzi adaloledwa kulima fodya wa burley, amene kale adali wa minda ikuluikulu yokha; ameneyu auma ndi mphepo m'chigafa. Ntchito ya fodya itenga pafupifupi chaka chathunthu: kufesa nazale, kuokera, kuthyola, kusoka, kusankha ndi kudinda mabelo. Pomaliza mabelo apita ku okushoni ku Kanengo, amene adatsegulidwa m'chaka cha 1979. Mtengo wake sudziwika kale. Ogula ndiwo aunena. Chifukwa chake banja lolima fodya yekha, osasiya malo a chimanga, liika moyo wake m'manja mwa alendo.

M'madambo muli madimba. Kumeneko anthu athirira mpiru, kabichi, matimati, anyezi ndi chimanga cha mondokwa m'miyezi ya dzuwa. Aweta ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, ndipo ng'ombe zikoka ngolo zotutira zokolola.

7. Chitedze

Pa msewu womwewo wa ku Mchinji, makilomita ngati 16 kuchokera mumzinda, pali malo otchedwa Chitedze. Dzinali ndi lofanana ndi la chomera choyabwa chija, koma zochokera kumeneko nzokoma. Boma lidatsegula malowa m'chaka cha 1948 kuti akatswiri ayesepo mbewu, nthaka ndi ziweto. Iwo abzala mitundu yambiri m'timinda ting'onoting'ono, nayesa zokolola pa sikelo, nalemba m'mabuku chaka ndi chaka, kufikira apeza mtundu wobereka bwino ndi wopirira matenda.

Kale amayi ambiri sadakonde chimanga cha makono, pakuti chidali chofewa: posinja mumtondo chinkaphwanyika, ufa wambiri nupita ku madeya, ndiponso chinkafumbwa msanga. Akatswiri adamva dandaulo limeneli, ndipo m'chaka cha 1990 adatulutsa mitundu ya MH17 ndi MH18, yolimba ndi yokonoleka monga chimanga cha makolo. Chaka chomwecho udatulukanso mtedza wofiira wa CG7, umene lero ulimidwa pamodzi ndi Chalimbana wakale uja. Apa tiphunzira kuti nzeru za m'buku ndi nzeru za pamtondo ziyenera kumverana.

Ntchito ina yaikulu idayamba m'chaka cha 1968 m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe. Boma lidalambula misewu, lidakumba zitsime, lidamanga misika, lidakonza ngalande zoletsa madzi kukokolola nthaka, nilikongoza alimi mbewu ndi feteleza. Malo a mabanja adapimidwa ndi kulembedwa m'kaundula, ndipo malo a banja lonse olembedwa chotero adatchedwa ndunda.

8. Mudzi ndi mzinda

Dzukani mbandakucha, muime pa msewu wa kwa Njewa, ndipo mudzaona mudzi ulikupita kukadyetsa mzinda. Njinga zidutsa zitasenza matumba a chimanga, madengu a matimati, mitolo ya ndiwo zamasamba, nkhuku, nkhuni ndi makala. Mtedza wambiri upita ku msika wa ku Mgona, kumene amalonda augula ndi kuutumiza kutali. Madzulo njinga zomwezo zibwerera ndi mchere, sopo, shuga, mafuta ophikira ndi makope a ana a sukulu. Anyamata ena apalasa kabaza, ena agwira ganyu pa zomangamanga, atsikana ndi amayi agulitsa m'misika ya ku Chinsapo ndi kwina.

Motero mzinda suli mdani wa mudzi ai. Mlimi wa kwa Njewa ali ndi mwayi umene mlimi wa kutali alibe: msika uli pafupi, chipatala chachikulu chiri pafupi, ndi sukulu zapamwamba ziri pafupi. Koma walira mvula walira matope. Mzinda sufuna chakudya chokha. Ufuna njerwa, ndipo njerwa zidya dothi la m'munda ndi mitengo yotenthera uvuni. Ufuna mchenga wa mumtsinje. Ufuna makala. Koposa zonse ufuna malo omangapo nyumba. Pamene pali nyumba za ku Area 25 ndi ku Chinsapo lero, kale padali minda ndi midzi ndi tchire.

9. Munda suswana

Tiyeni tichite samu. Ekala imodzi ndi malo a mayadi ngati 70 m'litali ndi 70 m'lifupi. Tinene kuti agogo ena adali ndi maekala 8, ndipo adabala ana aakazi 4. Pogawana, yense alandira maekala 2. Tsono yense wa iwo abalanso ana aakazi 4. Kodi mdzukulu ali yense alandira chiyani? Theka la ekala. Mbuzi ziswana, nkhuku ziswana, anthu achuluka, koma munda suswana. Makolo akale munda ukaguga ankausiya kuti ugonere, nakatsegula mphanje kwina. Lero tchire lotsegula mphanje palibe, ndipo munda womwewo ulimidwa chaka ndi chaka osapuma.

Tsono kudza munthu wa mumzinda ndi galimoto, nati, "Ndigulitseni malo awa." Ndalama zimene atchula ndi zambiri, zoposa zimene banja lidaonapo. Pakhomo pali njala, mwana afuna fizi, denga lilikudontha. Si chinthu chapafupi kukana, ndipo tisafulumire kuseka amene adavomera. Koma tiyenera kuganiza bwino. Ndalama zikadyedwa zatha, pamene munda ubala chaka chino, nubalanso chaka chamawa, nudzabalira ndi adzukulu omwe. Mabanja ena atagulitsa malo asanduka aganyu pa nthaka ya makolo awo. Ena adana pachibale, chifukwa mmodzi adagulitsa mobisa malo a mbumba yonse. Madzi akatayika saoleka.

M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo latsopano la malo a makolo. Lamuloli lilola kuti munthu kapena banja lilembetse malo ake, ndi kulandira chikalata chosonyeza mwini ndi malire. Chikalata chithandiza pa mlandu, koma sichilima. Chosunga munda ndi mtima wa eni ake.

10. Chimene mwana akhoza kuchita

Kapena wina ati, "Ine ndine mwana, izi nza akulu." Iai, minda imeneyi idzakhala yanu, ndipo ntchito yoisunga iyamba tsopano.

Posaka mbewa musatenthe mapesi ndi udzu wa m'munda, pakuti zimenezo zikaola ndizo chakudya cha nthaka. Thandizani makolo kukumba dzenje la manyowa, ndi kuthiramo ndowe, zitosi, phulusa ndi zinyalala zoola. Mukaona kamtengo ka msangu kalikumera m'munda, musakadule. Msangu uyoyola masamba ake m'dzinja, pamene mitengo ina iri yobiriwira. Motero suphimba chimanga, ndipo masambawo anenepetsa nthaka. Bzalani mtengo umodzi chaka chiri chonse, ndi kuutchinga kuti mbuzi zisaudye.

Ndipo limbikirani sukulu. Mwana wodziwa samu aima pambali pa amake pa sikelo ya wogula mtedza, naona ngati kulemera kwake ndi ndalama zake zigwirizana. Mwana wodziwa kuwerenga awerengera agogo ake kalata yonse, mawu ndi mawu, iwo asanadindepo chala. Munda ukachepa, nzeru za wolima ziyenera kukula, kuti theka la ekala libale zimene kale ekala yathunthu inkabala.

Mafunso

1. Tchulani maboma 4 oyandikana ndi boma la Lilongwe.
2. Kodi mtsinje wa Lilongwe uchokera kuti, ndipo madzi ake akathera kuti?
3. Chifukwa ninji mtsinje uphwa msanga mitengo ikatha m'phiri?
4. Anthu a mumzinda wa Lilongwe adali angati m'chaka cha 1966, ndipo adali angati m'chaka cha 2018?
5. Chifukwa ninji chimanga chikula bwino pamene padali mtedza?
6. Banja liri ndi maekala 6 ndi ana 3, ndipo mwana ali yense adzabala ana 4. Mdzukulu ali yense adzalandira malo otani?

Ntchito ya kunyumba: Funsani agogo anu kumene malire a munda wawo adali pamene iwo adali ana, ndi kumene ali lero. Yesani munda wa kwanu ndi mapazi, m'litali ndi m'lifupi, ndipo mawa mudzauze aphunzitsi zimene mwapeza.